Tikukangana chifukwa cha masekondi 24

A Mkonzi,

Ndipatseniko malo pang'ono ndinene za mkangano umene wabuka mumsewu umene ndimakhala. Ndikudziwa kuti si ife tokha, pakuti kulikonse kumene makomo a anthu ayang'anizana ndi msewu, nkhani yake imakhala yomweyi.

Msewu wathu ndi waufupi, ngati mamita 500, nyumba uku ndi uku. Dzuwa likapendeka ana amatuluka, ena ndi mpira, ena ndi njinga, ndipo nthawi yomweyo ndi imene akuluakulu amabwerera kuchokera kuntchito. Mwezi watha tinangomva matayala kuti kwiii! Potuluka tinapeza galimoto itaima chopingasa, kamnyamata ka zaka zisanu ndi chimodzi kali patsogolo pake, mpira uli m'manja, miyendo ikunjenjemera. Sikanagundidwe. Koma mawu amene mayi wa mwanayo ndi dalaivala anaponyerana tsiku limenelo sindingawalembe pano, ndipo kuyambira pamenepo anthu amene ankapatsana moni m'mawa uliwonse akungodutsana ngati alendo.

Eni galimoto akuti msewu si bwalo la mpira, amene anabereka aziyang'anira ana ake, ndipo iwo sangamayende ngati nanzikambe chifukwa cha makolo osasamala. Makolo nawo akuti anthuwa adzaleka kuthamanga tsiku limene adzaphe munthu. Ine ndine kholo, komanso ndimayendetsa galimoto, choncho palibe amene ndingamutenge ngati mdani. Komabe sindikuona kuti mbali ziwirizi zikulemera mofanana, ndipo chimene chanditsimikizira zimenezi ndi masamu a kupulayimale.

Galimoto imene ikuyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi yokha. Dalaivala watcheru, amene sanamwe ndipo sakuyang'ana pafoni, amatha sekondi imodzi kapena kuposerapo kuti maso aone mwana, mutu uzindikire, phazi lichoke pamoto lipite pabuleki. Ndiye kuti mamita 14 apita buleki isanagwire n'komwe. Ikagwira, pamsewu wouma pamafunikanso mamita ena ngati 14 kuti galimoto iime. Onse pamodzi ndi mamita 28. Tsono tengani amene akuyenda makilomita 30 pa ola. Sekondi yozindikira ija imamudyera mamita 8, buleki imamudyera ena 5, ndipo pa mamita 13 waima. Taganizani bwino pamenepa. Pamalo pomwe wa 30 waimirapo ndi kutsegula galasi kuti akalipire mwanayo, wa 50 sanayambe n'kuponda komwe buleki. Amufika mwanayo ndi liwiro lake lonse.

Ndipo mphamvu ya kugunda sikwera mofanana ndi liwiro. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Kuchoka pa 30 kufika pa 50 kumamveka ngati kuwonjezera pang'ono chabe, koma thupi la amene wagundidwa limalandira mphamvu yochuluka pafupifupi katatu.

Nanga amene akuthamangayo akupindula chiyani? Mamita 500 a msewu wathu amatha masekondi 36 ukamayenda pa 50, ndipo amatha masekondi 60 ukamayenda pa 30. Kusiyana kwake ndi masekondi 24. Ndi masekondi amenewa amene tasiyira kupatsana moni. Munthu yemweyo akafika pakhomo amakhala m'galimoto mphindi zitatu akumaliza kuyankha mauthenga pafoni. Sindikunena wina, ndikudzinena ndekha, chifukwa tsiku lotsatira ngozi yolephereka ija ndinayang'ana liwiro langa ndikulowa mumsewu womwewu, ndipo ndinali pa 48. Sindinali pachangu chilichonse. Phazi linangozolowera. Tonse timadziwa kunena kuti kuthamanga si kufika, koma mawuwo timawakumbukira tikakhala pansi, osati tikagwira chiwongolero.

Tsopano ndibwere kwa mwanayo, poti ambiri amene akunena kuti ana aphunzitsidwe amaiwala kuti mwana ndi wotani. Ndi wamfupi, ndipo galimoto imodzi yoimikidwa m'mbali mwa msewu imamubisa yense. Iye saiona galimoto ikubwera, dalaivala nayenso samuona. Magalimoto aatali kutsogolo amene achuluka masiku ano ndiye amabisa mwana ngakhale ataima pafupi penipeni ndi bampala. Kuwonjezera apo, mwana wamng'ono satha kuyeza bwino kuti galimoto imene ikubwera ili ndi liwiro lotani ndipo imufika liti. Si kupusa, ndi msinkhu. Ndipo mpira ukagudubuzika, maso ake onse, mtima wake wonse, zili pa mpirawo. Mungamuuze m'mawa, masana ndi madzulo kuti aziyang'ana uku ndi uku asanaoloke, ndipo adzachita zimenezo masiku ambiri. Tsiku limodzi adzaiwala. Ana onse amaiwala, ngakhale ana a dalaivala yemweyo.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti ngozi zapamsewu zimapha anthu pafupifupi 1.19 miliyoni chaka chilichonse, ndipo ndi zimene zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29, kuposa matenda alionse. Choncho mayi amene anakalipa tsiku lija sankachita misala. Ankaopa chinthu chimene chilipodi.

Sindikunena kuti makolo alibe udindo. Mwana wa zaka ziwiri sayenera kukhala kunja kwa geti popanda wamkulu, ndipo msewu waukulu wodutsa mabasi ndi malole si malo osewerera, zimenezo palibe akutsutsa. Ine ndikunena za timisewu ta pakati pa nyumba, timene ntchito yake ndi kufikitsa munthu pakhomo pake. M'timisewu totere, mwana akalakwitsa ndipo dalaivala akalakwitsa, amene amalipira ndi mmodzi yekha, ndipo si amene wakhala mkati mwa chitsulo cholemera kuposa tani imodzi. Amene ali ndi laisensi, amene ndi wamkulu, amene wagwira chinthu chotha kupha, ndi amene ayenera kusenza gawo lalikulu la kusamala. M'chaka cha 1997 nyumba ya malamulo ya dziko la Sweden inavomereza ndondomeko yotchedwa Vision Zero, ndipo maziko ake ndi osavuta kumva: anthu adzalakwitsabe, choncho msewu ukonzedwe mwakuti kulakwitsako kusathere mu imfa. Kuiwala kwa mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi chilango chake chikhale kukalipiridwa, osati manda.

Koma anzanga makolo, nanunso ndili nanu mawu. Zimene ena achita mumsewu wathu chichitikireni nkhaniyi sizikuthandiza. Wina anaika miyala ikuluikulu pakati pa msewu usiku, ndipo amene anagwapo si wothamangitsa galimoto uja koma mnyamata wa njinga amene analibe nawo mlandu. Wina wayamba kujambula nambala za magalimoto ndi kuzitumiza pagulu la WhatsApp ndi mawu onyoza. Wina amaima pamsewu ndi kutukwana aliyense wodutsa. Zotsatira zake n'zakuti ngakhale madalaivala amene akanamva atauzidwa mwaulemu, tsopano aumitsa khosi, ndipo nkhani yasiya kukhala ya ana, yasanduka yofuna kuona kuti wamkulu ndani. Chimene timaiwala n'chakuti ambiri mwa othamangawo si alendo. Ndi aneba athu omwewa, amene msewu anauzolowera mpaka anasiya kuuona. Mlendo amayenda pang'onopang'ono chifukwa akufunafuna nyumba. Mwini dera ndi amene amaponda moto.

Ndaona kuti kudzudzulana kokha sikusintha phazi la munthu. Chikwangwani nachonso sichichita zambiri. Sabata yoyamba anthu amachiona, sabata yachitatu chasanduka ngati mtengo wina uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Chimene chimauza dalaivala liwiro loyendera ndi maonekedwe a msewuwo. Ukakhala wotakata, woongoka, wosalala, thupi limangomva kuti apa n'pothamanga, kaya chikwangwani chikuti chiyani. Ukakhala wopanikiza pena, wokhota pang'ono, wokhala ndi mahampu omangidwa bwino ndi opakidwa utoto wooneka usiku, munthu amachepetsa liwiro asanaganize n'komwe.

Zimenezi ena anaziona kalekale, ndipo anaziona atalira. M'chaka cha 1971 anthu pafupifupi 3,300 anafa pangozi zapamsewu m'dziko la Netherlands, ndipo oposa 400 mwa iwo anali ana. Makolo anatuluka m'nyumba n'kuyambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana. Sanalimbane ndi dalaivala mmodzimmodzi, analimbana ndi mmene misewu inamangidwira. M'nyengo yomweyo mumzinda wa Delft munayamba mtundu wa msewu umene amautcha woonerf, momwe galimoto imalowa ngati mlendo pakhomo pa eni ake, kuyenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo ndi mipando, ana ali ndi ufulu wosewera pamsewu ponsepo. Pofika 1976 misewu yotere inali italowa m'malamulo a dzikolo. Dziko limene lero anthu amalitama chifukwa cha njinga silinabadwe choncho, linafika pamenepo makolo atakana kuzolowera maliro a ana.

Malire a makilomita 30 pa ola si maganizo a anthu odana ndi galimoto ayi. Mzinda wa Graz ku Austria unawakhazikitsa m'misewu yake yaing'ono kuyambira 1992. Mu February 2020, pamsonkhano waukulu wa nduna za maiko wokambirana za chitetezo pamsewu ku Stockholm, anagwirizana zolimbikitsa liwiro losapitirira 30 paliponse pamene anthu oyenda pansi ndi magalimoto amasakanikirana kawirikawiri, ndipo mu 2021 dziko la Spain linaika malire amenewa m'misewu ya m'mizinda yokhala ndi njira imodzi mbali iliyonse. Musaganize kuti kumeneko anthu anangoombera m'manja. Boma la Wales, ku Britain, litatsitsa liwiro m'misewu ya pakati pa nyumba kufika pa mamailosi 20 (pafupifupi makilomita 32) pa ola mu September 2023, anthu oposa 400,000 anasainira chikalata chokana. Ndikamaona zimenezi ndimatonthozedwa pang'ono, chifukwa zikusonyeza kuti aneba anga si anthu oipa mwapadera. Munthu aliyense akauzidwa kuti achepetse liwiro amamva ngati wamulanda kanthu.

Pali funso lina limene eni galimoto amafunsa, ndipo ndi loyenera kuliyankha: bwanji anawo osasewera kwina? Kwina kuti? Nyumba zambiri zilibe bwalo lokwanira kuthamangamo, ndipo malo osewerera, kumene aliko, nthawi zambiri amakhala kutali moti mwana ayenera kuoloka msewu woopsa kwambiri kuti akafike. Tikawatsekera m'nyumba, ndife tomwe timadandaula mawa kuti ana amakono amangokhalira foni ndi wailesi yakanema, sadziwana ndi anzawo, sathamanga. Ambiri a ife amene tikuyendetsa magalimoto lero tinaphunzirira kupalasa njinga pamsewu wa kutsogolo kwa nyumba ya makolo athu. Kusiyana kwake n'kwakuti nthawi imeneyo magalimoto anali ochepa. Sikuti ana ndi amene alowerera malo a galimoto, galimoto ndi zimene zachuluka pamalo pomwe ana anali kale.

Pempho langa likupita kwa akhonsolo ndi onse amene amayang'anira misewu. Musadikire kuti pagwe mtembo kuti mubwere kudzayeza. Anthu a mumsewu wina akalemba kalata yopempha mahampu kapena kutsitsa malire a liwiro, ayankheni, ngakhale yankho likhale lakuti ayi ndi chifukwa chake. Mukakhala chete ndi pamene anthu amayamba kukumba ngalande ndi kuunjika miyala okha, ndipo hampu yomangidwa ndi munthu wokwiya imakhala yosongoka, yosaoneka usiku, yothyola magalimoto ndi kugwetsa okwera njinga zamoto, mwinanso kuchedwetsa ambulansi. Ntchito imeneyi ili ndi miyezo yake, ndipo amene amaidziwa ndi inu. Apolisi apamsewu nawo asamangopezeka pamisewu ikuluikulu. Kungoonekera kamodzi pakanthawi, madzulo, m'kamsewu ka pakati pa nyumba, kumakumbutsa anthu kuti lamulo limafika mpaka pageti.

Mumsewu wathu kalata yopita kukhonsolo tayilemba, ndipo asainira ndi mabanja ochepa chabe, poti ena akuti sangaike dzina lawo papepala limodzi ndi aujeni. Mayi uja ndi dalaivala uja sanayankhulanebe. Loweruka likubwerali ndabwereka tepi yoyezera, ndipo ndikufuna kukagogoda kwa bamboyo, osati ndi mlandu, koma kuti tikaime pomwe galimoto yake inaima, tiyeze mamita 13, tiikepo mwala, tiyezenso mamita 28, aone yekha pomwe mwala wachiwiriwo ukagwere. Nayenso ali ndi kamtsikana kamene kayamba kumene kuyenda, ndipo geti la kwawo silitsekeka bwino.

Ine wanu,
Kholo loyendetsa galimoto