Kalata yochokera ku Springfield

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi abambo ndi onse pakhomopo. Ine kuno ndili bwino, kungoti kuzizira kwayamba ndipo ntchito yosamalira okalamba ija ndikumagwira usiku. Ndalama ya feteleza ndinatumiza Lachisanu, mundiuze mukalandira.

Loweruka sindinali pantchito, ndiye ndinapita kukaona nyumba ya Abraham Lincoln, pulezidenti wa America uja analengeza ufulu wa akapolo mu 1863. Ili mumzinda womwe uno. Anaigula mu 1844 akadali loya, n'kukhalamo mpaka 1861. Kulowa n'kwaulere. Koma nditatuluka, maganizo anga onse anali pa inu.

Munthuyu anabadwa mu 1809 ku Kentucky, m'kanyumba ka mitengo ka chipinda chimodzi. Mayi ake omubereka anamwalira iye ali ndi zaka 9, monga mmene zinandichitikira ine. Chaka chotsatira bambo ake anakwatira Sarah, mayi wamasiye wa ana atatu. Bamboyo ankafuna mwana azigwira nkhwangwa ndi kulima, moti ankamutumiza kuganyu kwa anthu. Sarah ndi amene ananyengerera mwamuna wake kuti amuleke mwanayo aziwerenga. Masiku onse amene anakhala m'kalasi sakwana chaka chimodzi. Malamulo anaphunzira yekha m'mabuku obwereka, n'kupatsidwa chilolezo cha uloya mu 1836. Kenako ankayenda pahatchi boma ndi boma kukaimira anthu pa milandu ya malo ndi ngongole, makalata atawasunga m'chipewa chake chachitali. Sitolo imene anali nayo m'mudzi wa New Salem asanakhale loya inagwa n'kumusiyira ngongole imene anabweza kwa zaka zambiri. Mu 1858 Stephen Douglas anamugonjetsa pa chisankho cha mpando wa m'nyumba ya malamulo yotchedwa Senate, koma mu 1860 anasankhidwa kutsogolera dziko.

Chimene chinandigwetsa misozi n'chakuti asananyamuke kupita ku Washington mu 1861, anayamba wapita kumudzi kukatsanzika mayi omupezawo. Sanaonanenso, chifukwa anamuwombera mu April 1865.

Amayi, ndikukumbuka mmene munkandisiyira koloboyi usiku, parafini ali wochepa, abambo akudandaula kuti tikuwononga. Simunandisiyanitse ndi ana anu obereka. Sindinakuthokozenipo bwinobwino, ndiye ndikuthokoza lero.

Ndamva kuti mng'ono wanga wagwa mphwayi chifukwa mayeso a Fomu 4 sanakhoze, ndipo abambo akuti angoyamba kulima fodya. Chonde lankhulani nawo ngati mmene munachitira pa ine. Abwereze kalasi. Fizi ndi mabuku ndilipira ndine, ndipo ndiyamba kutumiza mwezi wamawa. Mumuuze andiimbire pa WhatsApp Lamulungu madzulo.

Mupereke moni kwa agogo ndi amalume.

Ndine mwana wanu.