Magetsi a pachilumba chotetezedwa sayambira pa mapanelo

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani yokonzanso magetsi pa zilumba zakutali zomwe malamulo amaziteteza kaamba ka zachilengedwe. Nkhaniyi ikabuka, ambiri amathamangira kuwerenga mapanelo a sola. Ife amene timagwira ntchito zamagetsi timaona kuti mapanelo savuta kwenikweni. Ntchito imafera pa zinthu zomwe sizioneka pa chithunzi cha tsiku lotsegulira.

Zoti dizilo woyendetsera majenereta a pazilumbazi achepe palibe angatsutse. Mu Januwale 2001 sitima yonyamula mafuta yotchedwa Jessica idatsakamira pamiyala pafupi ndi chilumba cha San Cristóbal ku Galápagos, zilumba za dziko la Ecuador, mafuta n'kutayikira m'nyanja. Komabe kuzula jenereta tsiku limodzi n'kudzinamiza.

Yambani ndi kuyeza. Mangani kachipangizo kolemba magetsi amene akugwiritsidwa ntchito mphindi 15 zilizonse, kwa chaka chathunthu, kuti nyengo ya alendo ndi ya mitambo zilowemo. Kukula kwa mabatire kumachokera pa usiku: ngati chilumba chimadya 300 kWh (muyezo wa magetsi ogwiritsidwa ntchito) kuyambira dzuwa litalowa mpaka kucha, ndipo simufuna kukhuthula mabatire kupyola 80 peresenti, mukufunika 375 kWh, musanaonjezere za masiku a mvula. Pachilumba cha Eigg ku Scotland, pomwe magetsi a anthu onse adayatsidwa mu 2008, adagwirizana malire: 5 kW pa nyumba, 10 kW pa bizinesi. Malire otere amapulumutsa ndalama zambiri kuposa kugula mabatire ena.

Jenereta yakale imadwala sola ikabwera. Masana imatsala ndi ntchito yochepa, ndipo ikamayenda nthawi yaitali pansi pa 30 peresenti ya mphamvu yake, injini siitentha mokwanira, dizilo sapsa yense, mwaye ndi mafuta akuda zimatsekereza paipi ya utsi. Bola majenereta awiri ang'onoang'ono kusiyana ndi chijenereta chimodzi, ndiponso inveta (chipangizo chosandutsa magetsi a sola ndi a mabatire kukhala ogwiritsa ntchito m'nyumba) ya mtundu wa grid-forming, yotha kuimika yokha voteji jenereta itazima. Inveta wamba imazimira limodzi ndi jeneretayo, dzuwa likuswa mtengo. China chimene amachiiwala ambiri: mawaya akagundana, inveta siitulutsa mphamvu yochuluka ngati jenereta, choncho mabureka (masiwichi odula magetsi pakagwa vuto) akale amatha kungokhala duu osadula. Achunidwenso onse.

Pa nyanja ya mchere mdani wamkulu ndi dzimbiri. Mabawuti akhale a chitsulo chosachita dzimbiri cha nambala 316, osati 304. Mabokosi apanja akhale otchinga fumbi ndi madzi pa muyezo wa IP65 kapena kuposa, mapanelo akhale oyesedwa kupirira mchere pa muyezo wa IEC 61701. Waya wa kopa usakhudzane mwachindunji ndi wa aluminiyamu, chifukwa chinyezi cha mchere chimadya aluminiyamuyo, polumikizira pamatentha mpaka kupsa. Pali zolumikizira zake za zitsulo ziwiri. Chipinda cha mabatire chizikhala pafupifupi 25°C, pakuti kutentha kumawakalambitsa msanga.

Koma chomwe chimatidetsa nkhawa koposa si magetsi ayi, ndi katundu wofika padoko. Mu 1918 sitima ya Makambo idatsakamira pachilumba cha Lord Howe, kum'mawa kwa Australia. Makoswe adatsikira kumtunda, ndipo posapita zaka zambiri mitundu isanu ya mbalame za pachilumbacho idatheratu. Ntchito yaikulu yowapha idachitika mu 2019, patatha zaka zoposa 100. Tsono ntchito ya magetsi imabwera ndi makontena, madiramu a mawaya, matabwa, mchenga ndi miyala, ndipo m'menemo ndimo mumabisala makoswe, nyerere ndi njere za udzu wachilendo. Kontena itsukidwe, ifukizidwe mankhwala ndi kumatidwa isanachoke kumtunda, ndipo ikafika itsegulidwire pamalo amodzi a simenti otcheredwa misampha. Matabwa onyamulira katundu akhale ndi chidindo cha ISPM 15, chosonyeza kuti tizilombo ta m'matabwamo tidaphedwa. Mateyala a mathirakitala ndi nsapato za amisiri zichotsedwe dothi lonse. Makontirakitala amadandaula kuti izi n'zochedwetsa. Achedwe ndithu.

Mawaya am'mwamba amapha mbalame zam'nyanja zobwerera ku zisa usiku. Pomanga makina atatu opanga magetsi ndi mphepo ku San Cristóbal mu 2007, chigawo china cha nthambo adachikwirira pansi pofuna kuteteza mbalame yotchedwa Galápagos petrel. Ngalande itsate msewu womwe ulipo kale, ikumbidwe nyengo yoswana itadutsa, tepi yochenjeza iyalidwe pamwamba pa nthambo, ndipo ngalandeyo isagone yosakwirira, tinyama tingagweremo. Makina a mphepo si paliponse amaloledwa: ku Lord Howe boma la Australia lidawakana mu 2017, ntchito idapitirira ndi sola ndi mabatire. Nyali zapanja ziloze pansi ndipo zikhale zofiirira, chifukwa kuwala koyera kumasokeretsa tiana ta akamba am'nyanja ndi anapiye a mbalame.

Thanki ya dizilo yotsalayo izunguliridwe ndi khoma losadutsa madzi lotha kusunga 110 peresenti ya mafuta ake. Mathiransifoma atsopano akhale a mafuta ochokera ku zomera, omwe amaola akatayika. Akale, pamodzi ndi mabatire otha ntchito, akwere sitima yomwe yabweretsa atsopano. Zimenezi zilembedwe mu kontirakiti, apo ayi adzatsala m'tchire.

Fyuzi imodzi ikhoza kuzimitsa chilumba kufikira sitima ina itabwera. Pamalo pasungidwe inveta yapadera, mafyuzi, mafani, zotchinga mphenzi ndi mapanelo angapo. Anthu osachepera awiri a pachilumba pomwepo aphunzitsidwe ntchito ikumangidwa, osati ikatha, ndipo kontirakitala asalandire ndalama zomaliza mpaka iwowo atazimitsa makina onse ndi kuwadzutsanso okha, iye akungoonerera.

Ife,
Amisiri a zamagetsi