Lipoti la msonkhano wa ku khonsolo pa nkhani ya nyumba yosungira atsikana

Kwa amfumu, a tcheyamani ndi mamembala onse a komiti ya chitukuko cha dera lathu,

Munandituma pamodzi ndi bambo msungichuma ku msonkhano umene komiti ya mapulani ya khonsolo inaitanitsa Lachinayi lapitali, kuti tikatule nkhawa zathu pa pempho la bungwe lija lofuna kusandutsa nyumba ya pakona, yoyang'anizana ndi chigayo, kukhala malo osungira atsikana amene ali pa mavuto. Ndiyambe ndi chimene nonse mukudikira: chilolezo chaperekedwa. Koma sichinaperekedwe chamwambamwamba. Chili ndi mfundo zoti bungwelo litsatire, ndipo zingapo mwa mfundozo zachokera m'kalata yathu yomwe ija.

Panali a komiti ya mapulani, mkulu woona za mapulani a mzinda, khansala wathu, mayi wochokera ku ofesi ya Social Welfare ya boma, wapolisi wa ku Victim Support Unit, eni bungwelo, ndi ife oyandikana ndi nyumbayo.

Mkulu wa mapulani anayamba ndi kufotokoza chifukwa chimene nkhaniyi inafikira pa tebulo lawo, poti ena a ife tinkadabwa kuti nyumba yomangidwa kale ikufuniranji chilolezo china. Yankho lili m'lamulo la Physical Planning Act la 2016, limene linalowa m'malo mwa lamulo lakale la 1988. Mzinda unagawidwa kale pa mapu: kwina kogona anthu, kwina kwa malonda, kwina kwa mafakitale, kwina kwa masukulu, zipatala ndi matchalitchi. Poloti ya pakonayo ili m'chigawo chogona anthu. Munthu akafuna kuti nyumba yoteroyo igwire ntchito ina, ayenera kupempha chilolezo ngakhale sakuwonjezerapo njerwa imodzi. Atanena zimenezi ine ndinayang'ana pansi, chifukwa ndinakumbukira nyumba ziwiri za mumsewu mwathu momwemo, ina inasanduka malo omwera mowa, ina garaja, popanda wolemba kalata yodandaula. Bungweli ndiye loyamba kudzera pakhomo, ndipo ndi limene talithamangira.

Nthawi yathu itakwana ndinawerenga kalata yonse monga munailembera, osachotsapo kanthu. Ndinanena za madzi amene amasiya kutuluka masana, za sepitiki thanki imene inakumbiridwa banja limodzi, za kuchepa kwa msewu, za phokoso, ndiponso za mantha a makolo ambiri akuti atsikanawo adzakoka anyamata osokoneza, chamba n'kufika pa zipata zathu, ana athu n'kutengera makhalidwe.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere, chifukwa ndi pamene pali mutu wa nkhani. Wapampando wa komiti ya mapulani anagawa kalata yathu pawiri. Madzi, zonyansa, msewu, mpanda, chiwerengero cha anthu ogona m'nyumbamo, zimenezo anati ndi zawo ndipo anazilemba. Koma za khalidwe la atsikanawo anati komiti yawo ilibe nazo mphamvu: iwo amaweruza malo ndi nyumba, saweruza mtima wa wobwera kudzagonamo. Sangakane pempho chifukwa choti oyandikana nawo akuganiza kuti anawo ndi oipa, monganso safunsa mbiri ya munthu wochita lendi nyumba ya wina aliyense wa ife. Bambo msungichuma sanakhutire, anaimirira n'kufunsa kuti nanga zinthu zikadzavuta tidzalirira kuti. Wapampando analoza mayi a ku Social Welfare.

Mayiwa analankhula nthawi yaitali, ndipo mwa onse ndi amene anandipatsa zoti ndibwere nazo. Choyamba, nyumbayi si ndende ya ana. Ana amene bwalo la milandu ya ana lawapeza olakwa n'kulamula kuti akasinthidwe khalidwe ali ndi malo ake, monga Mpemba ku Blantyre ndi Chilwa ku Zomba. Amene adzabwere pakona pathu ndi amene lamulo la Child Care, Protection and Justice Act la 2010 limati akufunika chisamaliro ndi chitetezo: wothawa ukwati umene anamukakamiza, wogwiriridwa ndi wachibale wa m'nyumba momwemo kotero kuti sangabwerere komweko mlandu usanathe, wopatsidwa mimba n'kuthamangitsidwa ndi makolo, wotoledwa mumsewu. Ambiri amadziwika kudzera kupolisi, kuchipatala, kapena pa nambala yaulere ya 116. Sanabise kuti ena mwa iwo ndi ovuta. Mwana amene wapwetekedwa kwambiri amatukwana, amathawa, nthawi zina amaba. Anati zimenezo tiziyembekezere, ndipo n'chifukwa chake pamafunika matroni wophunzitsidwa usana ndi usiku.

Chachiwiri, anatikumbutsa kuti kuyambira 2017, malamulo aakulu a dziko atasinthidwa, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndiponso kuti lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka zomwezo. Ndiye ukwati wa mtsikana wa zaka 15 ukathetsedwa, pamafunika poti mwanayo agone usiku womwewo. Boma silifuna kuti ana azikulira m'malo osungira ana. Limafuna kuti abwerere kwa abale pakapezeka wodalirika. Nyumba ngati iyi ndi poyembekezera chabe. N'chifukwa chakenso bungwelo linasankha nyumba ya pakati pa anthu m'malo mwa kutchire: atsikanawo ayenera kumapita kusukulu wapansi, kuphatikizapo amene anabereka, poti ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu akabereka ilipo kuyambira 1993, komanso chipatala chikhale pafupi.

Chachitatu, ndipo ichi ambiri a ife sitinkachidziwa, chilolezo cha khonsolo pachokha sichitsegula nyumbayo. Bungwelo liyenera kuvomerezedwanso ndi unduna woona za ana, ndipo ofesi ya Social Welfare ndi imene imayendera malo otere kuona kadyedwe, kagonedwe ndi anthu olembedwa ntchito. Nkhawa yathu yeniyeni ili ndi khomo lake, koma si khomo limene tinakagogoda.

Khansala anaponyapo mwambi uja wa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anthu anaomba m'manja, koma ine sindinaone kuti wayankha funso la madzi.

Eni bungwelo analankhula mwachidule. Sindinakondwe ndi momwe anayankhira funso la ndalama. Atafunsidwa kuti thandizo la opereka likadzatha anawo adzatani, anazungulira, n'kumati Mulungu adzapereka njira. Tonse tinaonapo nyumba zosungira ana zimene zinayamba ndi chikondwerero n'kutha ndi ana ogona ndi njala. Ngati pali chimene tiyenera kuchiyang'anitsitsa, ndi chimenechi, kuposa anyamata a pachipata.

Komiti itakambirana payokha, inatiitananso n'kuwerenga mfundo zake. Atsikana ogona m'nyumbamo asapitirire 8 pa nthawi imodzi, kupatula matroni. Asanalowe aliyense, sepitiki thanki ikulitsidwe ndipo a zaumoyo a khonsolo adzaione. Aikenso thanki yosungira madzi. Mpanda ukonzedwe, pakhale mlonda, ndipo galimoto za bungwelo ziziima m'kati, osati mumsewu. Pasakhale chikwangwani chonena ntchito ya nyumbayo. Mfundo iyi anaipempha ndi wapolisi, poti amuna amene atsikanawa anawathawa amawasaka, ndipo anatipempha ifenso kuti tisamaloze nyumbayo kwa mlendo aliyense wofunsa njira, kapena kujambula anawo n'kuponya pa WhatsApp. Chilolezocho ndi cha ntchito yokhayi: bungwelo likadzachoka, nyumbayo ibwerera kukhala yogona banja, singasanduke hositelo kapena malo ogona alendo mwakachetechete. Za kukonza msewu sitinapezepo kanthu. Anati kukonza msewu ndi nkhani ya bajeti ya khonsolo, tiidzeretse kwa khansala.

Tinafunsa ngati pali mwayi wochita apilo. Anati lamulo lili ndi njira yake yodandaulira, ndipo atilembera kalata yofotokoza. Maganizo anga, amene mutha kuwakana, ndi akuti tisawononge ndalama za komiti pa zimenezo. Zonse zimene komiti ya mapulani ingamve yazimva kale n'kutiikira m'chilolezo. Chotsala ndi mantha athu pa atsikanawo, ndipo kulikonse kumene tingapite nawo adzatiyankha chimodzimodzi. Bambo msungichuma akuona mosiyana, akuti tiyambe taonana ndi loya, ndipo adzalankhula okha pa msonkhano wathu wa Loweruka.

Chimene ndinapempha m'dzina lanu, ngakhale sichinali m'kalata, n'chakuti bungwelo lizikumana ndi nthumwi zathu nthawi ndi nthawi, ndiponso kuti amfumu akhale ndi nambala ya matroni ndi ya ofesi ya Social Welfare, kuti vuto likabuka usiku tisamathamangire kuponya miyala pa denga. Anavomera pamaso pa onse, koma sizinalembedwe m'chilolezo, choncho tiyenera kuwatumizira kalata kuti pakhale umboni.

Pa msonkhano wa Loweruka tigwirizane ngati tichita apilo kapena ayi, tisankhe anthu awiri okumana ndi bungwelo, mmodzi akhale mayi, ndipo tivomereze kalata yopita kwa khansala yokhudza msewu. Mayi a ku Social Welfare ati akhoza kubwera kudzayankha mafunso ngati amfumu atawaitana mwa kalata. Malisiti a mayendedwe ndapereka kwa bambo msungichuma.

Ine wanu,
Mlembi wa komiti