Chilengezo: tiyamba kuluka kapeti ya masamba a m'nkhalango

Oluka nonse,

Loweruka likubwerali tiyamba kapeti yapansi ija tinagwirizana. Tikumana pamalo athu a nthawi zonse kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana, ochedwa mudzapeza titamanga kale ulusi woimirira pa fulemu ndipo sitimasulanso ayi.

Bwerani ndi masamba enieni, obiriwira ndi ouma omwe, otola pansi osati kukathyola mitengo, tidzawayala papepala kuti tijambule pateni. Mitundu ndi girini wakuda, girini wowala, bulauni ngati khungwa ndi chikasu pang'ono basi, zofiira zambiri zija zimaononga. Ulusi wopingasa ukhale wa ubweya wa nkhosa wokhuthala, wa akiriliki uja sugwira utoto wa zomera olo muuphike tsiku lonse. Ofuna kudaya nokha, makoko a anyezi amatulutsa chikasu chabwino mukayamba mwanyika ulusiwo mu alamu, mchere wothandiza kuti utoto ugwire pa ulusi.

Musaiwale sizasi, tepi yoyezera ndi foloko yogogodera ulusi, kapeti yolobodoka siyichedwa kuphwasuka anthu akamaiponda. Amene simunapereke ya mwezi uno mubwere nayo, ndi yogulira thonje la ulusi woimirira.

Yankhani pano pofika Lachinayi madzulo ngati mubwere, mafulemu ndi ochepa.