Mngelezi savala suti yaubweya padzuwa la Okutobala

A Mkonzi,

Ndiloleni nane ndiponyepo mawu pa nkhani ya kavalidwe ka azibambo, makamaka mawu aja timakonda kwathu akuti munthu wotchena ndi amene wavala "ngati mngelezi". Ine ndili kuno ku Leeds chaka cha 8 tsopano, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba, nde azigogo achingerezi ndimawaveka ndi manja angawa m'mawa uliwonse, mawadilopu awo ndimatsegula ndine ndipo zomwe zili m'menemo ndikuzidziwa. Zomwe tinatengera kwa anthuwa ndi theka chabe, theka linalo linatsala konkuno.

Ndinafika kuno mu Novembala. M'chikwama munali suti yanga yakuda yonyezimira ija ndinasoketsa ku Limbe, nsalu yake poliyesita, ndipo ndinkadzimva nayo kwabasi. Lamulungu loyamba ndaivala kupita kutchalitchi, shati yoyera, tayi wofiira, nsapato zosongoka zija, ndili chilili pasiteji kudikira basi. A Mkonzi, mphepo ya kuno imaluma. Mphindi 20 zokha zala zachita dzanzi, mano akugundana okha, suti ija ngati ndavala jumbo. Pambali panga panali madala ena azaka mwina 80, jekete lawo labulauni lokhuthala, lakalekale, m'zigongono muli zigamba zachikopa, kachipewa kafulati pamutu, iwo ali phee ngati palibe chikuchitika. Ine mumtima ndinati koma umphawi uliko ndi kuno komwe eti, jekete mpaka zigamba? Wosauka patsikulo ndinali ine.

Jekete limene lija ndi la nsalu yomwe amati tweed. Yotchuka kwambiri ndi Harris Tweed ya kuzilumba za Outer Hebrides, kumpoto chakumadzulo kwa Scotland, ndipo musadabwe, nsaluyi ili ndi lamulo lakelake lomwe nyumba ya malamulo inakhazikitsa mu 1993. Lamulolo limati kuti nsalu itchedwe dzina limenelo ikhale ya ubweya weniweni wa nkhosa, wonyikidwa mu utoto ndi kupotedwa kuzilumba komweko, ndipo awombe ndi anthu akomweko pakhomo pawo, makina ake opalasa ndi miyendo. Ikadutsa zonsezo amaidinda chizindikiro cha kampira kokhala ndi mtanda pamwamba. Langa ndinagula mu shopu ya zovala zakale, zija amagulitsa pothandiza mabungwe achifundo, mapaundi 18 basi. Ukaliona patali umati ndi labulauni koma ukaliyandikitsa kumaso muli tiulusi tobiriwira, tachikasu, tina tabuluu, chifukwa iwo amayamba anyika ubweya mitundumitundu kenako n'kusakaniza asanapote. Limakanda pakhosi, ndi lolemera, likanyowa limanunkha kankhosa pang'ono, koma mphepo siilowa ngakhale pang'ono. Linapangidwira munthu woyenda m'mapiri a mvula yowaza tsiku lonse.

Ndi pamene ndinayamba kuzindikira kuti pafupifupi chovala chilichonse chomwe timati chachingerezi chinabadwa chifukwa cha nyengo. Charles Macintosh wa ku Glasgow anapeza njira yomatira mphira pakati pa nsalu ziwiri mu 1823 chifukwa cha mvula, mpaka lero jekete lamvula anthu kuno amangoti mac. Thomas Burberry anatulukira nsalu ya gabardine mu 1879 pa chifukwa chomwecho, ndipo chikhoti chachitali cha lamba chija mabwana amakonda kujambulitsa nacho chinatchuka ndi asilikali m'maenje a nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Ngakhale timabowo tija ta pa nsapato za brogue, lero ndi tokongoletsa koma poyamba anthu akumidzi ya ku Scotland ndi Ireland ankaboola dala kuti madzi azituluka akamaponda m'madambo.

Koma chomwe chinandigwira mtima kwambiri ndi jekete laphula. Gogo wina yemwe ndinkamusamalira, kale anali mlimi, anali ndi Barbour yobiriwira yomwe anati anagula ana ake ali aang'ono, ndipo anawo pano ali ndi imvi. Kampani imeneyi anayambitsa ndi John Barbour mu 1894 ku South Shields, ankagulitsa zovala zosalowa madzi kwa asodzi ndi ogwira ntchito padoko. Jekete lake ndi lathonje wamba lopakidwa phula, silichapidwa ndi sopo, ukaliponya m'makina ochapira walipha, umangolipukuta ndi madzi ozizira. Tsiku lina dzinja lawo likuyandikira gogoyo anandituma kachitini ka phula m'kabati, tinakaika m'poto wa madzi otentha mpaka phula kusungunuka, tayala jekete patebulo, ine ndikupaka ndi kansanza iye akuloza ndi chala chonjenjemera kuti thira kwambiri m'misoko ndi m'mapewa, m'mene mvula imayambira kulowa. Kenako tinaliwuzira ndi chowumitsira tsitsi kuti phula lilowerere bwino n'kulipachika usiku wonse. Manja anga ananunkha phula masiku awiri. Jekete lija linali ndi zigamba zitatu, zipi anasinthapo kale, koma munthuyo ankalinyadira kuposa china chilichonse m'nyumbamo. Ndipo si alimi okha, mfumu Charles yomwe imadziwika ndi kuvala makhoti azaka zambirimbiri ndi nsapato zokonzedwakonzedwa. Kwathu bwana atavala chigamba tingamuseke mpaka pa Facebook.

Apa ndikumbutseko kanthu kena. South Shields imeneyi yayang'anana ndi North Shields, pakati pali mtsinje wa Tyne basi, ndipo ku North Shields ndi komwe Kamuzu anagwirako ntchito yaudokotala m'ma 1940 asanasamukire ku London. Nde pomwe ankatsika ndege pa Chileka pa 6 Julayi 1958 anali munthu woti wakhala zaka zambiri m'mphepo imeneyi, suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa chija timati Wilson zinali zovala za moyo womwe anazolowera. Ife tinaona, tinasirira, ndipo m'mitu mwathu munakhazikika kuti ulemu ndi wesikoti ndi tayi, kaya ndi Juni kaya ndi Okutobala. Sindikunyoza ayi, munthuyo ankatchena ndithu. Kungoti tinakopera chithunzi chimodzi n'kuchipachika chaka chonse.

Chonsecho mngelezi mwini wake ikafika sama amasintha kotheratu. Azigogo anga ikangokwana Meyi timalongedza majuzi ndi ma tweed m'mabokosi, timaikamo mankhwala a njenjete, n'kutulutsa mathalauza athonje opepuka, mashati a linen, chipewa cha panama. Linen imakwinyika ukangokhala pansi kamodzi koma palibe amadandaula, amati ndi m'mene imakhalira. Pitani ku mpikisano wa mahatchi wa ku Goodwood kumapeto kwa Julayi, ndi masuti a linen oyererako ndi mapanama okhaokha. Masiku wamba ndiye ndi shati ya kolala yofewa ngati ija ya Fred Perry yomwe inayamba mu 1952, kukazizira pang'ono madzulo aponyapo kajekete kafupi ka Harrington komwe a Baracuta anayamba kusoka ku Manchester mu 1937, kuphazi desert boot ya Clarks. Nsapato imeneyi nayo nkhani yake ndi yosangalatsa, Nathan Clark ali msilikali ku Burma anaona anzake atavala nsapato zofewa zosokedwa mumsika wa ku Cairo, n'kubweretsa nzeruyo kwawo. Mukuona? Iwo akapita kotentha amaphunzira kwa eni dziko. Ngakhale kaki yemwe uja anamutenga ku India.

Ndinabwera kumudzi chaka china mu Okutobala ku ukwati wa mphwanga, unachitikira ku Nchalo, ndipo amene mukudziwa chigwa cha Shire mwezi umenewo mwamva kale kutentha kwake. Anyamata operekeza mkwati analipo 6, onse masuti a zidutswa zitatu a nsalu yokhuthala yonyezimira, tayi wothina mpaka pammero, ena mpaka magolovesi oyera. Pofika nthawi ya perekaniperekani makolala onse anali atanyowa ngati awaviika mu ndowa, thukuta likuchita kudontha m'zigongono, mmodzi tinachita kumutulutsa panja n'kumamupepesera ndi katoni akuona chizungulire. Nditawauza kuti vulani majekete achimwene, wina anandiyankha kuti inu a ku UK simukudziwa kuti jentulumani savula jekete? Ndinangoseka, nanga ndikanati chani. Ine wochokera ku UK ndi amene ndinali mu shati yathonje ya manja aafupi. Ndipo chowawa n'chakuti thonje limalimidwa konko ku Chikwawa, ku Balaka, ku Salima, koma patsiku lalikulu timakavala pulasitiki wochokera kutali.

Anthu amatchula kwambiri Savile Row, kamsewu kakafupi ka ku Mayfair mu London komwe kuli matelala otchuka monga Henry Poole, Huntsman ndi Gieves & Hawkes, komanso Ozwald Boateng yemwe makolo ake ndi a ku Ghana. Ndinadutsako kamodzi, kungoyang'ana pawindo, mitengo yake ndi mapaundi zikwi zingapo suti imodzi nde ine ndi malipiro anga aaa ayi. Koma ukasuzumira m'zipinda zapansi zija umaona munthu ali ndi choko, tepi pakhosi ndi sizasi yaikulu, chimodzimodzi telala wa pakhonde ku Ndirande. Kusiyana kwake n'koti iwo amayamba akufunsa kuti sutiyi mukavala kuti komanso nyengo yanji, chifukwa nsalu amaiyeza kulemera kwake, yopepuka ya sama, yolemera ya winta. Amajambula patani ya thupi lako papepala n'kuisunga, umapita kukayesa kawiri katatu isanathe, ndipo m'kati mwa misoko amasiya nsalu yapadera kuti mimba ikadzatuluka adzangomasula. Palibe chamatsenga apa chomwe matelala athu sangathe. Vuto ndi ife makasitomala, timapita Lachinayi kufuna suti ya Loweruka, titanyamula chithunzi cha pafoni, nsalu tagula yotchipa yonyezimira, ikatuluka yokhota n'kumatukwana telala.

Nsapato ndi chimodzimodzi. Tauni ya Northampton ndi kwawo kwa nsapato, Tricker's alipo kuyambira 1829, Church's 1873, Crockett & Jones 1879, ndipo chinsinsi chawo n'choti soli amachita kuisokerera ku kalamba kachikopa kozungulira nsapato m'malo mongomata ndi guluu, nde ikatha amaichotsa n'kuika ina chikopa chapamwamba chili chomwecho. Ukamazipaka polishi ndi kuzipumitsa tsiku limodzi ukavala, zimatha zaka 20 osadandaula. Okonza nsapato athu apansi pa mtengo aja ntchito imeneyi amaidziwa bwinobwino, kungoti timawapatsa nsapato zaguluu zomwe zinapangidwa kuti zitayidwe.

Ndisanamenso apa, si kuti aliyense kuno amavala chonchi. Achinyamata ambiri mu Leeds ndi ma tracksuit, ma hoodie ndi masinika basi, ndipo chichokereni Covid matayi m'maofesi achepa kwambiri, ena amapita kuntchito ngati akupita kukagona. Zomwe ndikunenazi muzipeza kwa achikulire, kwa anthu akumidzi, ndi kwa achinyamata ena omwe ayambanso kusakasaka zakale m'mashopu a zovala zogwiritsidwa kale ntchito. Azigogowo akamwalira ana awo amalongedza zonse m'matumba akuda n'kukapereka, zina zimagulidwa konkuno ngati langa lija, zambiri zimamangidwa m'mabelo n'kutumizidwa kunja, ndipo zina mwa izo ndi zomwe timagwada n'kumafukula pa kaunjika.

Nde abale anga mukamasankha pa mulu ku Limbe kapena kwa Tsoka ku Lilongwe musamangothamangira chonyezimira. Tembenuzani jekete muone kalebulo ka m'kati ngati kakuti ubweya 100%, fufuzani kampira ka mtanda kaja, liyang'anitseni kudzuwa muone ngati njenjete sizinaboole, mabatani ndi zigongono musade nazo nkhawa telala akonza. Nthawi zambiri ogulitsa amaliika pa mtengo wotsika chifukwa anthu amati ndi lachigogo. Limenelo mu Juni ndi Julayi ku Dedza, ku Mzuzu, kapena chiperoni chikatsika ku Thyolo ndi ku Mulanje, mudzandithokoza. Ikangolowa Seputembala lipukuteni ndi bulashi, lisungeni pouma, mutulutse zathonje kaya ndi shati ya chitenje yosokedwa bwino, mukapite ku ukwati mukupuma ngati munthu.

Pempho langa kwa inu a Mkonzi, tumizaniko mtolankhani akacheze ndi matelala achikulire omwe anaphunzira kudula jekete kalekale, alipo m'misika yathu ndipo akutha mmodzimmodzi, ana a masiku ano akungophunzira kusoka mayunifolomu ndi kuchepetsa za kaunjika. Awafunse za nsalu, za kuyeza mapewa, za chomwe chimapangitsa kolala ya jekete kugona bwino pakhosi.

Langa la mapaundi 18 lija bambo anga ku Dedza analiona pa chithunzi cha WhatsApp ndipo alamula kale kuti ndikabwera mu Juni ndisabwerere nalo. Ndawauza kuti chigamba cha chigongono chakumanzere chayamba kusomoka, akuti bweretsa choncho, telala wa pa Bembeke alipo.

Ine wanu wowerenga,
Leeds, England