Kwa amene munandigulitsa nyali ya thanki yanga: marifulekita anu si a madzi amchere

Achimwene, ndalemba pano pagulu chifukwa ku WhatsApp mukungowerenga osayankha, ndipo ndikaimba foni mnyamata wanu amangoti abwana atuluka. Chichewachi ndalemba dala. Ambiri amene timagula kwa inu muno mu Johannesburg timabwera chifukwa ndinu a kwathu, ndiye a kwathu omwewo amve.

Mwezi wa Malichi ndinagula nyali ya machubu anayi a mtundu wa T5, lililonse la mawati 54, yoti ikhale pamwamba pa thanki yanga ya masentimita 120. Ndisanapereke ndalama ndinakuuzani kuti thankiyo ndi ya madzi amchere ndipo muli makorali, zamoyo za m'nyanja yamchere zooneka ngati miyala kapena zomera. Ndinabwereza kawiri. Inu munasolola m'katoni rifulekita imodzi, chija chonyezimira chokhala pamwamba pa chubu chilichonse chobwezera kuwala m'madzi, n'kundiuza kuti ndidziyang'anirepo nkhope. Ndinadzionadi, mpaka imvi za kundevu. Lero ndi Julayi. Rifulekita yomweyo ikuoneka ngati kunsi kwa poto wokwechedwa ndi mchenga: mbuu, mawanga oyera ngati phulusa, ndipo ukapitirapo chala umamva timaenje. Zinayi zonse zatero.

Nditabwera nazo munati ndi mchere chabe, ndikapukute. Mchere wouma ndimaudziwa ine. Aliyense wosunga thanki yotere amadziwa kuti timadontho tikathovokera m'mwamba timasiya mchere pa chilichonse, popeza m'lita imodzi muli mchere pafupifupi magalamu 35. Loweruka lililonse ndimazimitsa nyali, machubu akazizira ndimawachotsa, n'kupukuta ndi kansalu kofewa konyowetsa ndi madzi osefa. Mcherewo umachoka. Mawangawa sachoka ayi, chifukwa sali pamwamba, aluminiyamuyo ndi amene wadyeka. Rifulekita ya thanki yamchere imakhala yokutidwa kuti mchere usailume. Yanuyi ndi kachilata kopyapyala kongopukutidwa kuti kanyezimire pa tsiku logula.

Chimene chinandipweteka kwambiri ndi yankho lanu lachiwiri, loti ndiwonjezere machubu awiri kapena ndigule LED. Chubu sichinalakwe. Chubu ndi chozungulira, chimawala mbali zonse, pansi, m'mbali ndi m'mwamba momwe. Popanda chobweza, kuwala kochuluka kumangothera m'chivundikiro, magetsi ukulipira onse. N'chifukwa chake anthu amakonda T5 kuposa T8: n'chochepa thupi, mamilimita 16 pamene T8 ndi 26, ndiye kuwala kochokera kumsana kwake kumatha kukhotetsedwa n'kuchizembera chubucho mpaka kukalowa m'madzi. Rifulekita yabwino imakhala ndi kamzera kotulukira pakati, pamwamba penipeni pa chubu, koti kuwala kugawike uku ndi uku m'malo mobwerera m'chubu momwemo. Zanu zilibe kamzerako. Apa ndivomere, cholakwa ndi changa, ndinatengeka ndi kunyezimira osayang'ana kapindidwe. Koma inu amene mumagulitsa zinthuzi tsiku ndi tsiku simunadziwe?

Ndiye ndiwonjezere mawati 108 pa mawati 216 amene ndikulipira kale, kuti ndikwirire vuto la chilata chanu? Mayunitsi a magetsi kuno sitithyola m'mitengo. Machubunso akachuluka pamwamba pa madzi amawonjezera kutentha, ndipo makorali sakondwa nako.

Mwina mukuganiza kuti ndikudandaulira kukongola. Zikanakhala mbuna za kunyanja kwathu, zija za ku Cape Maclear zimene azungu amazikonda, bwenzi ndili chete, chifukwa nsomba imadya chimene waiponyera. Korali ndi nkhani ina. M'thupi mwake mumakhala tindere ting'onoting'ono timene timapanga chakudya ndi kuwala, monga chimanga chichitira ndi dzuwa. Kuwala kukachepa ndiye kuti mwamuchepetsera nsima. Ndili ndi korali wa mtundu wa Montipora amene ndinamulera kuyambira ali kachidutswa ngati chikhadabo. Anali wobiriwira, m'mphepete muli kamzere koyera kosonyeza kuti akukula. Kuyambira Meyi wasanduka wabulauni, kamzere kaja kazimirira. Ndinayamba ndakayikira madzi. Ndinayeza mchere, ndinayeza zonse zimene ndimayeza, ndinasintha madzi kawiri. Mayi akunyumba anafika pondifunsa ngati ndinakwatira iwo kapena thanki.

Amene anandithandiza ndi mnzanga wina wosunganso makorali. Anabwera ndi rifulekita yake yakale, ya zaka zingapo, tinaiika pa chubu chimodzi chakutsogolo, zina zitatu n'kusiya zanu. Chubu chomwecho, madzi omwewo. Mchenga wa kutsogolo unayera mbee, kumbuyo kuli chizimezime ngati kukubwera mvula. Sipanafunike makina oyezera. Zithunzi ndinakutumizirani usiku womwewo, nkhupakupa ziwiri za pa WhatsApp zinasanduka zabuluu, basi.

Sindikupempha chifundo. Lamulo loteteza ogula la dziko lino, Consumer Protection Act la 2008, pa gawo 55 limati katundu ayenera kugwira ntchito imene wogula anauza wogulitsa kuti akumufunira. Gawo 56 limapereka miyezi isanu ndi umodzi yobweza katundu wolephera, ndipo wosankha pakati pa kukonza, kusinthitsa kapena kubweza ndalama ndi wogula, osati sitolo. Ine ndili m'mwezi wachinayi, risiti ndili nayo.

Chimene ndasankha ndi ichi: mundipatse marifulekita anayi okutidwa, oyenera madzi amchere, chubu chilichonse yakeyake. Ngati mulibe, nenani, mutenge nyali yonse mundibwezere ndalama ndikagule kwina. Za korali wanga sindikulipiritsani, ndamusendezera pamwamba pa mwala pansi pa rifulekita yobwereka ija, tione ngati abwerere mtundu.

Loweruka 9 koloko m'mawa ndidzakhala pakhomo la sitolo yanu ndi katoni. Mnyamata uja mumuuziretu kuti abwana akatuluka ndidzakhala pa benchi kuwadikira.