Musatinyoze kuti ndife aulesi, tiuzeni ndalama ya nyimbo idzera pati

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu pa zomwe zinayankhulidwa Loweruka lapitali pa pulogalamu ya zamsangulutso ya wailesi ina ya mumzinda wa Blantyre. Amene anamvera akudziwa zomwe ndikunena. Anaitana bambo wina amene anamutchula kuti katswiri wa malonda a pa intaneti, ndipo bamboyo, mopanda ndi manyazi omwe, ananena kuti oimba a ku Malawi ndi osauka chifukwa cha ulesi ndi umbuli. Akuti ndalama zili mbwee pa intaneti, zikungodikira wozitola, ndipo aliyense wodandaula za kubedwa kwa nyimbo ndi wotsalira. Woulutsa mawu anaseka naye limodzi. Pofika nthawi yoti omvera aimbe foni, pulogalamu inali ikutha, ndipo palibe woimba ndi mmodzi yemwe amene anapatsidwa mpata woyankha. Wailesiyo ili ndi ngongole kwa oimba, iwaitane adzayankhe pa nthawi yomweyo imene ananyozedwera.

Ine ndine msungichuma wa kwaya ya mpingo, ndipo buku la ndalama za kwayayi ndakhala nalo kuyambira nthawi ya makaseti. Sindine katswiri wa intaneti, koma ndimadziwa kuwerenga zolowa ndi zotuluka. Mawu oti ulesi andipweteka kwambiri, chifukwa ndikudziwa amayi amene amachoka ku ntchito kapena ku geni n'kubwera ku pulakatisi mpaka mdima, osonkha ndalama ya situdiyo kuchokera pa ya ndiwo.

Bamboyo mwina ndi wamng'ono, ndiye ndimukumbutse mmene zinalili. Kale woimba akajambula nyimbo ankatenga kaseti yake n'kupita nayo kwa ogulitsa mopikulitsa, ndipo wodziwika kwambiri anali O.G. Issa ku Limbe. Makaseti ankachulukitsidwa, kumatidwa chizindikiro cha COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, mavenda n'kuwanyamula kupita nawo ku Mzuzu, ku Mangochi, ku Nsanje. Oimba ankadandaula, ndipo ankanena zoona, kuti gawo lawo pa kaseti iliyonse linali laling'ono. Koma ndalamayo inkaoneka ndi maso, munthu ankadziwa khomo lokagogoda, ndipo ankatha kufunsa kuti makaseti agulidwa angati. Nthawi imeneyo ndi imene inakuza Alleluya Band ya ku Balaka, Lucius Banda, Billy Kaunda, Mlaka Maliro ndi Evison Matafale. Kenako kunabwera ma CD ndi makompyuta, ndipo pa msika uliwonse panaphuka kakhumbi ka mnyamata woika nyimbo m'mamemore khadi. Lero ngakhale mnyamatayo akulira, chifukwa nyimbo zikungoyenda zokha pa WhatsApp. Malonda akalewo anafa, ndipo palibe chinabwera m'malo mwake chimene woimba wamba angadalire. Ulesi ukulowa pati pamenepa?

Ife tinamvera malangizo oti tipite pa intaneti, ndipo ndikuuzeni zomwe tinaona. Chimbale chathu chomaliza tinalipira situdiyo, tinalipira wojambula chithunzi, tinalipira wojambula vidiyo. Titamaliza tinapita kwa eni tsamba lina loika nyimbo, lomwe sindilitchula dzina. Anatiuza kuti kuika nyimbo n'kolipira, ndipo tikafuna kuti ioneke pamwamba tiwonjezere. Tinalipira. Nyimbo itaikidwa, aliyense ankaitenga ulere, ndipo pambali pake panali malonda a makampani amene amalipira eni tsambawo. Choncho iwo anadya kwa ife, anadyanso kwa otsatsa malonda, ife eni nyimbo osaona ndi tambala yomwe. Sabata isanathe nyimbozo zinali m'magulu a WhatsApp a mpingo wathu womwe, ndipo pa tsiku lokhazikitsa chimbale anthu ankatiyamikira kuti mwaimba bwino, akutionetsa m'mafoni mwawo, ma CD ali phee pa tebulo. Nditapita kukafunsa ngati pali gawo lathu pa ndalama ya malondawo, ndinayankhidwa kuti tithokoze chifukwa atitchukitsa. Kutchuka sikulipira situdiyo, akonzi. Ngongole ya chimbalecho tikubwezabe.

Tsono tifike ku Spotify, kampani yomvetsera nyimbo pa intaneti imene bamboyo ankaitchula mobwerezabwereza. Ndi zoona kuti Spotify inafika ku Malawi mu February 2021. Koma woimba satumiza yekha nyimbo kumeneko. Amadzera kwa makampani ogawa nyimbo monga DistroKid kapena TuneCore, ndipo amenewa amafuna malipiro a madola, olipira pa khadi la ku banki. Kodi bamboyo sakudziwa mmene ndalama zakunja zikusowera m'dziko muno? Sakudziwa kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023? Malipiro omwewo a pachaka anakwera m'makwacha woimba asanagulitse kanthu. Ndipo oimba ambiri a ku Ntcheu, ku Mchinji kapena ku Chitipa alibe khadi lolipirira kunja, ali ndi foni ndi Airtel Money kapena Mpamba basi.

Tinene kuti wadutsa zonsezo, nyimbo yalowa. Kuyambira mu 2024 Spotify silipira kanthu pa nyimbo imene sinamvedwe kokwana 1,000 m'miyezi 12. Ikadutsa pamenepo, palibe mtengo wokhazikika pa kumvera kulikonse. Iwo amasonkhanitsa ndalama zomwe apeza m'dziko, kuchokera kwa olipira mwezi ndi mwezi komanso kwa otsatsa malonda, n'kuzigawa potengera kuti nyimbo ya yani yamvedwa kangati. Ndiye kuti kumene olipira ali ochepa, ndalama yogawana nayonso ndi yochepa, ngakhale nyimbo itatchuka bwanji. Woimba amene omvera ake ali ku London kapena ku Johannesburg amapezako kanthu. Woimba amene omvera ake ali ku Ndirande, ku Kawale ndi ku Chibavi amapeza nyenyeswa. Awa si maganizo anga, ndi mmene malondawo anakonzedwera, ndipo munthu wodzitcha katswiri anayenera kufotokozera omvera zimenezi asanayambe kutukwana.

Ndiponso Mmalawi wamba samvera nyimbo mwa njira imeneyo, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Kumvera pa Spotify, Boomplay kapena Audiomack kumadya bandulo. Munthu amene wagula kabandulo ka WhatsApp ka sabata amadziwa kuti mnzake akamutumizira nyimbo kamodzi, aimvera chaka chonse osalipiranso, ngakhale kumudzi kumene netiweki imagwira pa chulu pokha. Kuba n'kotsika mtengo kuposa kugula, ndiponso n'kosavuta kuposa kugula. Bola zinthu zili chomwechi, mungatukwane oimba usiku ndi usana, palibe chisinthe.

Za YouTube ndiye zimandiwawa koposa. Kuti uyambe kulandira gawo la ndalama za malonda, umafunika anthu 1,000 okutsatira ndi maola 4,000 oonera m'miyezi 12. Oimba athu ambiri anadutsa kalekale pamenepo. Koma pamafunikanso kuti dziko lako likhale pa mndandanda wa mayiko ololedwa. Kenya ilipo, Tanzania ilipo, Nigeria ndi South Africa zilipo. Dzina la Malawi takhala tikulisaka pa mndandandawo kwa zaka osalipeza. Chotsatira chake achinyamata athu amalembetsa kudzera kwa msuweni wa ku Johannesburg kapena mlamu wa ku Britain, tsamba n'kukhala m'dzina la munthu wina, ndalama n'kumalowa mu akaunti ya munthu wina. Ubale ukasokonekera, woimba amataya ntchito yake yonse. Mwana amene akuzunzika chonchi kuti apeze njira mukumutcha waulesi?

Taonani a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930. Atajambula ndi Patience Namadingo mu 2020, mawu awo anafalikira pa TikTok m'mayiko ambirimbiri, anthu mamiliyoni akuvina ndi kuimba nawo. Atolankhani akunja atapita kwawo mu 2022 anapeza kuti gogoyo analibe foni yamakono yoti n'kuonera kutchuka kwawoko. Ngati pali Mmalawi amene intaneti inamunyamula, ndi iwowo. Kodi mamiliyoni a oonerawo anasanduka mamiliyoni a ndalama m'thumba mwawo? Bamboyo apite ku Chiradzulu akafunse, akabwere atiuze pa wailesi yomweyo. Kapena nawonso a Giddes, amene aimba zaka zoposa za iye wonyozayo, ndi aulesi?

Komatu vuto si la intaneti yokha, ndipo poti ndayamba ndinene zonse. Dziko lino linazolowera kuona nyimbo ngati chinthu chopanda mwini. Pa ukwati timalipira holo, wokongoletsa, wophika, woyendetsa mwambo ndi DJ, pelekanipelekani n'kuyenda maola angapo pa nyimbo za anthu amene sakudziwa n'komwe kuti kuli ukwati. M'maminibasi nyimbo zikulira kuyambira m'bandakucha. M'malo omwera, m'masaluni, m'magolosale, chimodzimodzi. Ndi angati mwa amenewa ali ndi chiphaso? Andale nthawi ya kampeni amakumbukira oimba kuti awakokere anthu, chisankho chikatha mafoni sayankhanso. Ena oulutsa mawu, osati onse, amafuna kaye ya fanta asanaike nyimbo yako. Ngakhale ife a m'mipingo, amene timalalikira kuti usabe, ndife oyamba kutumizirana chimbale cha kwaya yathu yomwe. Woimba akadwala timamva pempho la thandizo pa Facebook. Akamwalira ndiye kumabwera magalimoto akuluakulu, nkhata zamaluwa ndi malonjezo. Manyazi amenewa ndi a dziko lonse, ndipo kuwakankhira kwa oimba ndi nkhanza.

Malamulo alipo. COSOMA yakhala ikugwira ntchito kuyambira mu 1992, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016 linabweretsa msonkho wa pa zipangizo zosungira nyimbo, monga mafoni ndi mamemore khadi. Ndalama zimenezi zayamba kufika kwa ena mwa aluso, ndipo ndikuyamikira. Koma ndikupempha akuluakulu a COSOMA kuti ayang'ane masamba amene amalipiritsa woimba kenako n'kugawa nyimbo yake ulere pambali pa malonda. Kodi ali ndi chilolezo? Amapereka chiyani kwa eni nyimbo? Ngati lamulo likufika kwa mnyamata wa pa msika woika nyimbo m'mamemore khadi, lifikenso kwa bwana wa tsamba amene ali ndi ofesi ndi galimoto. Ndikupemphanso kuti kagawidwe ka msonkho uja kazifotokozedwa m'Chichewa ndi m'Chitumbuka pa wailesi, kuti kwaya ya kumudzi idziwe mmene ingalembetsere ndi mmene gawo lake limawerengedwera.

A nduna oona za chikhalidwe, a MACRA, a Reserve Bank, nanunso a Musicians Union of Malawi, nkhaniyi ndi yanu. Nkhani ya mndandanda wa YouTube woimba payekha sangaithe, ikufunika boma kuyankhula ndi Google, eni ake a YouTube, ndi kutiuza poyera pamene zokambirana zafika. Nkhani ya madola olipirira ogawa nyimbo, ndi njira yoti ndalama za kunja zifike kwa woimba popanda kudzera kwa msuweni, ikufunika a mabanki. Pamene mukulira kuti ndalama zakunja zikusowa, pali Amalawi ambirimbiri ku South Africa, ku Britain ndi ku America amene amamvera nyimbo za kwawo tsiku ndi tsiku, ndipo madola ake akutsakamira m'maakaunti a kunja. Ife tatopa ndi misonkhano ya m'mahotela a kunyanja imene imatha ndi chithunzi cha gulu.

Chofunika msanga n'chosavuta. Ngati ndingathe kugula mayunitsi a magetsi pa foni yanga ya mabatani, ndithenso kugula nyimbo chimodzimodzi. Makampani a mafoni, a COSOMA ndi bungwe la oimba akhale pansi akonze nambala imodzi yoti munthu aimbe, asankhe nyimbo, alipire kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba, gawo la woimba lilowe mu foni yake tsiku lomwelo ndi uthenga womuuza kuti agula angati. Pakhalenso bandulo yotsika mtengo yomvera nyimbo za kuno kwathu, monga zilili ndi mabandulo a WhatsApp ndi Facebook. Masamba oika nyimbo asankhe chimodzi, kulipiritsa woimba kapena kugawana naye za malonda, ndipo zilembedwe pa pepala woimba asainire asanapereke nyimbo yake.

Msungichuma wa kwaya,
Chilomoni, Blantyre